Modelo ya MHC ya maginito, nyenyezi 4: kangalande kake ndi kabwino koma CD28 mulibe

Ndaika nyenyezi 4 osati 5 ndipo chifukwa chake ndichinena mmusimu, koma kwa amene mumaphunzitsa kapena kuphunzira za chitetezo cha mthupi, makamaka gawo lija ophunzira ambiri amangoloweza osalimvetsa la mmene maselo amadulira antigen (chinthu chimene chitetezo chimazindikira, monga puloteni ya kachilombo) nkuionetsa kwa ma T cell, gulu limodzi la asilikali a mthupi, bokosi ili la modelo ya MHC, mapuloteni a pamwamba pa selo amene amagwira ntchito yoonetsayi, likuposa kutali zithunzi zimene timajambula pa bolodi. Ine ndimaligwiritsa ntchito mkalasi ya ophunzira za labu ndi unamwino nde zimene ndikunenazi ndaziona m'manja mwa ophunzira enieni.

Mbokosimu muli MHC class I imodzi, class II imodzi, T cell receptor (chimene T cell imazindikirira antigen) ya mbali ziwiri alpha ndi beta, CD4 ndi CD8 (mapuloteni othandiza T cell kugwira MHC, amenenso magulu awiri a ma T cell amatchulidwa nawo), kachidutswa koimira TAP, invariant chain yomwe imaduka zigawo, HLA-DM (zitatuzi ndizifotokoza mmusimu), kathumba ka ma peptide, kutanthauza tizidutswa ta puloteni, otalika mosiyanasiyana, chipepala chachikulu chopachika pakhoma chojambulidwa selo ndi kabuku ka malangizo. Zonse ndi pulasitiki yolimba bwino ndipo zimalumikizana ndi timaginito.

Chimene chandilembetsa zonsezi ndi kangalande kamene kali pamwamba pa MHC. Wophunzira akamabwera amakhala ndi maganizo oti asilikali a mthupi amaona kachilombo konse katunthu nkukagwira, zomwe ndi zoona pang'ono tikamanena za ma antibody chifukwa iwo amagwiradi chinthu mmene chililimo, koma T cell ayi, T cell siona kachilombo, imaona kachidutswa kakang'ono ka puloteni kali kale mkati mwa kangalande ka MHC basi, ndipo ngati kachidutswako sikadakwane mmenemo ndiye kuti kwa T cell kulibe chilichonse olo kachilomboko kachuluke bwanji. Izi ungazinene mpaka kusasa mawu anthu akungogwedeza mutu, koma ukawapatsa peptide yaitali ya ma amino asidi 15 (tizigawo timene timalumikizana nkupanga puloteni) nkuwauza kuti ailowetse mu class I amalimbana nayo osalowa, chifukwa opanga modeloyi atseka kangalande ka class I mbali zonse ziwiri ngati mmene kalili mthupi, nde mumakwana ya 8 mpaka 10 yokha, ikatalika pang'ono imayenera kupindika pakati nkutukumuka mmwamba, zomwenso zimachitikadi. Akaitenga peptide yomweyo nkuiika mu class II imangogona bwinobwino, mutu ndi mchira zili panja, poti kumeneko kangalande ndi kotsegula mbali zonse ndipo ma peptide a 13 mpaka 25 amakhalamo, pakati pake pokha pa ma amino asidi 9 ndi pamene pamagwira. Pamenepo funso la pa mayeso loti class I imasiyana bwanji ndi class II sililinso loloweza, manja aona kale.

Chinanso chabwino ndi choti beta-2 microglobulin, kapuloteni kakang'ono kochirikiza class I, imachotsedwa, ndipo ukaichotsa class I yonse imagwedera nkugwa. Kaya anachita dala kaya zinangochitika koma ndi zolondola, class I yopanda beta-2 microglobulin kapena yopanda peptide siikhazikika ndipo kawirikawiri siifika nkomwe pamwamba pa selo. Apa ndi pamene ndimawauza kuti kangalande sikakhala kopanda kanthu olo munthu ali bwinobwino osadwala, mumakhala tizidutswa ta mapuloteni ake omwe, tsiku lililonse, ndipo ma T cell amangodutsa osachita kanthu chifukwa ambiri amene akadalusira zimenezi anachotsedwa kale mu thymus, kachiwalo ka pachifuwa kamene ma T cell amakhwimiramo. Maonekedwe a modeloyi akuchita kuoneka kuti anatengera HLA-A2 (HLA ndi dzina la MHC ya anthu), imene Pamela Bjorkman, Don Wiley, Jack Strominger ndi anzawo anaonetsa koyamba mu 1987 ku Harvard, ndipo chimene chimandikhudza pa nkhani imeneyo ndi choti atayang'ana mkati mwa kangalande anapezamo chinachake chimene sanaikemo iwo, anali ma peptide osakanikirana amene anabwera ndi HLA yo kuchokera mu selo. Kabuku kadalemba nkhaniyi mzere umodzi wokha, bola akadaitambasula.

Njira ya class I yajambulidwa bwino pa chipepala chija ndipo umayendetsa zidutswa pamwamba pake. Puloteni iliyonse yopangidwa mkati mwa selo, kaya ndi ya selo yomweyo kaya ya vairasi imene yalowa nkuyamba kugwiritsa ntchito ma ribosome (timakina topanga mapuloteni) a eni ake, ikakalamba kapena ikapangidwa molakwika imamatidwa ubiquitin, chizindikiro choti iwonongedwe, nkulowetsedwa mu proteasome kumene imadulidwadulidwa, tizidutswato TAP imatikokera mu endoplasmic reticulum, chigawo cha selo chimene MHC imapangidwiramo, mmenemo puloteni yotchedwa ERAP1 imadulanso kumutu ngati tatalika, kenako class I imene inali kudikira ili m'manja mwa mapuloteni oigwirizira otchedwa calreticulin, ERp57 ndi tapasin imalandira peptide yoikwana nkumasulidwa, kudutsa ku Golgi, kolongedzera zinthu kwa selo, mpaka pamwamba pa selo. Zili ngati wamalonda amene amayala pang'ono panja pa chilichonse chimene ali nacho mkati kuti odutsa aone, selo iliyonse yokhala ndi nucleus imachita zimenezi osapuma, ndipo wodutsa amene ali ndi mphamvu yopha ndi CD8 T cell. Pa modelo CD8 imamatirira pa chigawo cha class I chotchedwa alpha 3 mmusi, kutali ndi kangalande, pamene T cell receptor imakhala pamwamba mopingasa kukhudza peptide ndi milomo iwiri ya MHC nthawi imodzi. Malo amenewa awalondola ndithu. Proteasome yangojambulidwa palibe chidutswa chake, tapasin nayonso mulibe, koma zimenezo sindikudandaula nazo kwambiri.

Poti TAP ndi kachidutswa kapadera, umatha kukachotsa nkufunsa kalasi kuti tsopano chichitike nchiyani, ndipo ili ndi phunziro limene ndimalikonda kwambiri chifukwa mavairasi anaiona kale njira imeneyi. Herpes simplex ili ndi puloteni yotchedwa ICP47 imene imatseka TAP, cytomegalovirus ili ndi US6 yogwiranso TAP komanso US2 ndi US11 zimene zimakokera class I kunja kwa endoplasmic reticulum kuti ikaonongedwe, HIV nayo ili ndi Nef imene imatsitsa HLA-A ndi HLA-B pamwamba pa selo koma HLA-C ndi HLA-E imazisiya, ndipo wophunzira wochenjera amafunsa yekha kuti izisiyiranji. Yankho lake ndi ma NK cell, amene amapha selo imene yasiya kuonetsa class I, maganizo amene Klas Kärre anawabweretsa m'zaka za m'ma 1980, nde vairasi ikachotsa zonse yadziulula yokha. Maselo ofiira a magazi alibe nucleus ndipo class I njochepa kwambiri pa iwo kapena palibiretu, ndiye kachilombo ka malungo kakakhala mmenemo CD8 imavutika kukaona, pamene kakadali mu chiwindi kamatha kuoneka. Zonsezi kabuku sikanena, ndimaonjezera ndekha, koma modelo imandipatsa poyambira.

Chidutswa chimene chapangidwa mwanzeru kuposa zonse ndi invariant chain. Funso limene ophunzira safunsa koma amayenera kufunsa ndi loti, class II imapangidwanso mu endoplasmic reticulum momwemo mmene ma peptide a TAP akungokhuthukira, nanga bwanji siitenga amenewo? Apa modelo imayankha yokha, invariant chain imalowa mkangalande nkutsekamo moti palibe china chingalowe, ndiponso ndi imene imaitsogolera class II ku ma endosome, timatumba ta mkati mwa selo, kumene kuli asidi. Kumeneko nkumene kumafikira zinthu zimene selo yameza kuchokera kunja, mabakiteriya, poizoni wawo, tizidutswa ta maselo akufa, zonse zikugayidwa ndi mapuloteni odula anzawo otchedwa ma cathepsin, ndipo ma cathepsin omwewo amadulanso invariant chain mpaka kutsala kachidutswa kamodzi mkangalande kotchedwa CLIP. Pa modelo invariant chain imathyoka zigawo nkusiya CLIP, ndipo maginito a CLIP anawapanga amphamvu moti ndi zala zokha sikatuluka msanga, umayenera kumata HLA-DM mmbali nkukankha ndi pamene kamadumpha. Amene anaganiza zimenezi amaidziwa ntchito ya HLA-DM, chifukwa mthupi imachitadi chonchi, imamasula CLIP komanso imapitiriza kugwedeza kangalande mpaka mutalowa peptide yogwira zolimba, zofooka zimatuluka. CD4 imamatirira pa chigawo cha class II chotchedwa beta 2.

Class II siipezeka pa selo iliyonse, kwenikweni ili pa ma dendritic cell (alonda otolera antigen), ma macrophage (maselo omeza tizilombo) ndi ma B cell (opanga ma antibody), ndipo apa ndimachedwapo chifukwa ndi pamene zinthu za ku wodi zimayamba kumveka. Macrophage ikameza kachilombo ka TB, kachilomboko kamaletsa thumba limene kalimo kulumikizana ndi lysosome, kathumba kogayira zomezedwa, nde kamakhala kamoyo mmenemo, macrophage payokha imalephera mpaka CD4 T cell itaona peptide pa class II nkutulutsa interferon gamma yoipatsa mphamvu. B cell nayo imagwira antigen ndi receptor yake, kuimeza, kuidula nkuionetsa pa class II kuti CD4 iipatse chilolezo chopanga ma antibody amphamvu okhalitsa. Nchifukwa chake katemera wa ana wa mabakiteriya a Hib ndi pneumococcus amapangidwa polumikiza shuga wa pa chikopa cha bakiteriya ndi puloteni, shuga payekha salowa mkangalande ndipo CD4 singamuone, koma akamangiriridwa ku puloteni B cell imameza zonse pamodzi nkuonetsa peptide, thandizo nkubwera. Wophunzira amene wagwira zidutswazi safunikanso kumuuza chifukwa chimene munthu amene CD4 yatsika ndi HIV amadwala TB ndi zina zambiri nthawi imodzi.

Tsopano zimene zadyetsa nyenyezi imodzi ija, ndipo ziwiri mwa izo ndi zazikulu ndithu.

Choyamba, class I ndi imodzi yokha ndipo ma peptide onse afupi mkathumba amakwana mofanana. Izi zimaphunzitsa zinthu zolakwika mwakachetechete. Pansi pa kangalande pali timaenje, ndipo peptide imagwira pokhapokha ma amino asidi ake ena, kawirikawiri wachiwiri ndi womaliza, akwane mtimaenjemo, mwachitsanzo HLA-A*02:01 imakonda leucine kapena methionine pa malo achiwiri ndi valine kapena leucine kumapeto, HLA ina imafuna zina. Ma jini a HLA ali pa chromosome 6 ndipo ndi amene amasiyana kwambiri pakati pa anthu kuposa ma jini ena onse, mitundu yolembedwa idaposa kale 30,000, pamene munthu mmodzi amakhala ndi ya class I ikuluikulu yosapitirira 6, A, B ndi C kuchokera kwa mayi ndi zinanso zitatu kwa bambo. Ndiye kachilombo kamodzi komweko anthu awiri amaonetsa tizidutswa tosiyana, wina chitetezo chake chimakaona bwino wina movutikira. Apa ndi pamene pagona zimene Rolf Zinkernagel ndi Peter Doherty anapeza ku Canberra mu 1974 pa mbewa za mu labu, kuti T cell yopha imazindikira vairasi pokhapokha ili pa MHC ya mtundu wa mwini wake, ndipo analandira nazo Nobel mu 1996. Apanso ndi pamene pagona nkhani ya kukana impso yopatsidwa ndi munthu wina, ndi ya abacavir, mankhwala a HIV amene mwa anthu okhala ndi HLA-B*57:01 amakalowa mu kadzenje ka mkangalande nkusintha maonekedwe ake, kangalande nkuyamba kunyamula ma peptide a thupi lomwelo amene ma T cell sanawaonepo, munthu nkutentha thupi, zidzolo, mwina mpaka kufika pangozi. Tangoganizani mmene zikadakomera akadaika timaenje tochotseka, kapena class I yachiwiri ya timaenje tosiyana, kuti peptide yokwana uku ikane uko. Panopa ndimamata kachidutswa ka katoni pansi pa kangalande kuti ma peptide ena akane, zimathandiza koma si zimene munthu amayembekezera pa chinthu chopangidwa bwino chonchi.

Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri. Mbokosi lonseli mulibe CD28, puloteni ya pa T cell, mulibe CD80 kapena CD86 za pa selo yoonetsa antigen, ndipo kabuku kamathera poti T cell receptor yagwira peptide, T cell yadzuka, basi. Si choncho ayi. T cell imene sinakumanepo ndi antigen ikaona peptide popanda chizindikiro chachiwiri cha CD80 kapena CD86 kugwirana ndi CD28, siidzuka, nthawi zambiri imafooka nkukhala yosayankhanso olo idzaionenso peptide yomweyo, ndipo iyi ndi njira imodzi imene thupi limadzitetezera kuti lisadziukire lokha. Dendritic cell imakweza CD80 ndi CD86 ikamva kuti pali zoopsa kudzera mu ma Toll-like receptor, amene amazindikira zizindikiro za tizilombo, ndi zina zotero, nchifukwa chake akatemera ambiri amakhala ndi adjuvant, chothiramo chodzutsa chitetezo, puloteni yoyera payokha siikwanira kudzutsa chitetezo. CTLA-4 imene imalimbirana CD80 ndi CD86 ndi CD28 kuti izimitse T cell, imene James Allison analandira nayo Nobel mu 2018 pamodzi ndi Tasuku Honjo wa PD-1 (puloteni inanso yozimitsa T cell), simungaifotokoze popanda zidutswa zimenezi, chonsecho mankhwala ena atsopano a khansa agona pomwepa. Timapulasitiki tiwiri kapena titatu tokha tikadakonza zonsezi.

Chipepala chapakhoma chikuonjezeranso vutoli chifukwa chikuonetsa macrophage yaikulu pakati ikuonetsa antigen kwa T cell yatsopano, dendritic cell ili pakona kakang'ono. Zikuyenera kutembenuzidwa. Imene imayambitsa nkhondo ndi dendritic cell, imene Ralph Steinman ndi Zanvil Cohn anaifotokoza mu 1973 ku Rockefeller, Steinman nkudzapatsidwa Nobel mu 2011 atamwalira masiku atatu chilengezo chisanachitike. Imakhala pakhungu ndi m'ziwalo ikumeza zimene yapeza, ikamva zoopsa imakweza CCR7, puloteni yoilondolera njira, nkuyenda mpaka ku lymph node (mwanabele) kumene ma T cell osawerengeka akudutsa, ndipo mwa onsewo ochepa kwambiri ndi amene receptor yawo ikukwana peptide imeneyo, akapezana amachulukana kwa masiku angapo, mwanabele uja amatupa munthu akakhala ndi bala ndi zimenezi zikuchitika. Macrophage ntchito yake yaikulu pa class II ndi kuitana thandizo kwa T cell imene yadzutsidwa kale. Lymph node pa chipepalachi palibe nkomwe, nde wophunzira amaganiza kuti zonse zikuchitikira pa bala pomwepo.

Kabuku kalinso ndi lamulo lolemba ndi zilembo zakuda loti za mkati zimapita ku class I, za kunja ku class II, ndi kanjira kokumbukira kaja koti 1 kuchulukitsa ndi 8 nchimodzimodzi 2 kuchulukitsa ndi 4, kutanthauza kuti class I imayenda ndi CD8, class II ndi CD4. Kanjirako nkabwino, lamulonso ndi poyambira pabwino, koma sanatchule olo pang'ono kuti ma dendritic cell ena amatha kutenga antigen ya kunja nkuiika pa class I, zimene Michael Bevan anaziona koyamba mu 1976. Popanda zimenezi CD8 ikadadzuka bwanji pa vairasi ngati HPV imene imalowa maselo a pakhungu osati dendritic cell, kapena pa chotupa cha khansa chimene chilibe CD80 nkomwe? Dendritic cell imameza zotsalira za selo yodwalayo nkuzionetsa yokha pa class I pamodzi ndi chizindikiro chachiwiri. Mbali inayinso ilipo, mapuloteni a mkati amafika ku class II kudzera mu autophagy, pamene selo imagaya zinthu zake zomwe. Ndime imodzi yokha mkabuku ikadakwana. CD1 ndi MR1 zoonetsa mafuta ndi tizinthu ta mabakiteriya tosakhala ma peptide sindikuwerengera, zimenezo zingakhale za kalasi yapamwamba.

Zing'onozing'ono: maginito a T cell receptor ndi ofooka, ukainyamula modelo kuti a kumbuyo aone imagwa, nde ndimaigwirizira ndi chala. CD4 ndi CD8 ndi za buluu zonse, wina woderako pang'ono, kutali sizisiyanitsika, chonsecho izi ndi zimene zimayenera kusiyana kwambiri mtundu. Zilembo za alpha 1, alpha 2 zayamba kufufutika pamene zala zimagwira kawirikawiri. Ma peptide ndi aang'ono osavuta kutayika ndipo palibe apadera, sungani mkathumba kake mukangomaliza. CD3, imene imatumiza uthenga wa receptor mkati mwa T cell, mulibe, koma imeneyo ungajambule pa bolodi. Chimene ndayamikira nchoti ukamata peptide yaitali mmbali mwa class II kunja kwa kangalande nkuigwiritsa ku mbali ya beta ya receptor, umatha kuonetsa mmene superantigen ngati TSST-1 ya Staphylococcus aureus imamangirira ziwirizi osadutsa mkangalande nkudzutsa ma T cell ambirimbiri nthawi imodzi, kabuku sikanena koma maginito amalola.

Ngati mukuwerenga nokha kukonzekera mayeso, modeloyi ikuthandizani pa class I ndi class II koma muwerenge za CD28 ndi dendritic cell kwina musanakhulupirire kuti mwamaliza. Ngati ndinu aphunzitsi, bokosi limodzi limakwana gulu la anthu ochepa ozungulira tebulo, kalasi ikakhala yaikulu muziwasinthanitsa chifukwa phindu lake lili pa kugwira, kungoonera patali sikusiyana ndi chithunzi. Kwa opanga, ngati mumawerenga ndemanga zathuzi, chonde onjezerani CD28, CD80, CTLA-4 ndi class I yachiwiri ya timaenje tosiyana, mujambulenso lymph node pa chipepala chija, ndipo muzigulitse padera kuti ife amene tili nalo kale bokosili tingoonjezera.